Thandizeni nzeru, antchito ndiwaphunzitse bwanji za akuba a pafoni kuno kwa Ngabu?

Abale anga m'gulu muno, makamaka inu a IT ndi a m'mabungwe, ndithandizeni. Ine ndimaona za ndalama pa kasukulu kena ka pulayiveti kuno kwa Ngabu, tilipo aphunzitsi, alonda, amayi ophika, ndiye kaofesi kathu kali ndi laputopu imodzi yomwe pasiwedi yake ngakhale ana a fomu 4 amaidziwa. Teremu yathayi wina anawaimbira ahedi ngati ndi bwana wa zamaphunziro, akuti kuli mitingi ya pa intaneti ndiye amuwerengere manambala 6 omwe abwera pa meseji. Anawerengadi, WhatsApp inapita pomwepo. Pofika madzulo makolo anali atalandira uthenga woti fizi azitumiza pa nambala yatsopano, ena anatumiza, mpaka lero alipo omwe akuti ndalamazo tinadya ife.

Komiti yati ndikonze maphunziro a antchito onse. Nditafunsa ku Blantyre mtengo wake ndi wa anthu a kubanki, komanso zomwe anandionetsa ndi zachizungu zokhazokha zokamba za ma imelo achinyengo, pomwe kuno ambiri imelo anatsegula kuti Play Store igwire basi. Alonda athu ali ndi kafoni ka mabatani koma ndi amene amaimbiridwa kwambiri ndi aja a "ndatumiza molakwika ndibwezereni". Kutentha kwa kunoko mukukudziwa, simungatsekere anthu m'kalasi tsiku lonse akuyang'ana projekita. Amene munachitapo munayambira pati? Nanga anthu amasinthadi?

Kalaliki wa ku Nchalo: Achimwene musawononge ndalama. Pa mitingi ya Lolemba tengani mphindi 15, aliyense atulutse foni, atsegule WhatsApp, Settings, Account, Two-step verification, aike PIN yake yotetezera akauntiyo inu mukuona kuti wamalizadi. Zongowauza kuti mukapange kunyumba sapanga. Sabata inayo nkhani ina, imodzi imodzi choncho, ndipo muzigwiritsa ntchito ma meseji enieni omwe iwowo alandira, aliyense ali nawo m'foni.

Mayi wa bungwe ku Nsanje: Ife zinatipeza nthawi ya Freddy mu 2023, thandizo la ndalama likudzera pafoni. Anthu amaimbiridwa kuti dzina lanu latuluka pa chithandizo koma mutumize kaye ya kalembera, ndipo munthu amene nyumba yake yapita ndi madzi safunsa kawiri. Ma volontiya athu omwe anagwa nawo. Chinatithandiza ndi kasewero, mmodzi akhale wakuba wina woimbiridwa, m'Chisena ndi Chimang'anja momwe anthu amayankhulira, amaseka koma saiwala. Ndiye tinaika lamulo loti nkhani ya ndalama ikabwera pafoni dulani, imbani nokha pa nambala yomwe mumaidziwa kale, ngakhale mawu amveke ngati a bwana. PIN ya Mpamba kapena Airtel Money sauza munthu, ngakhale anene kuti ndi wa kukampani. Makolonso alembereni kalata ya sitampa yonena pomwe fizi imalipiridwa, mwawaiwala pa pulani yanuyo.

Mnyamata wa ku Bangula: kkkk popanda alawansi ndi Fanta mudzakhala nokha ndi alonda akulu

Wa IT ku Chikwawa boma: Laputopu ija ndi yomwe yandiopsa. Aliyense akhale ndi akaunti yakeyake, ya admin ikhale kwa munthu mmodzi. Ma fulashi opita nawo kokapulintitsa mayeso ndi omwe amabweretsa vayirasi ija yosandutsa mafayilo kukhala ma shortcut, ndiye muzisunga kope ya malekodi pena posalumikizidwa ndi kompyutayo. Dziwaninso kuti pali lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security, kulowa mu akaunti ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu, komanso la 2024 loteteza zinsinsi za anthu lomwe ikuyang'anira ndi MACRA. Maina a ana, manambala a makolo, zotsatira za mayeso, zonsezo ndi udindo wa sukulu. Pakatha mwezi muwayese, wina awaimbire mwachinyengo muone amene agwe.

Mphunzitsi wopuma wa kwa Tengani: Zowayesazo mwana wanga samala nazo. Munthu wamkulu ukamuchititsa manyazi pamaso pa ana ake a ntchito, tsiku lomwe adzaberedwe zenizeni adzangokhala duu, ndipo maola amenewo ndi omwe wakuba amatolera ndalama. Ahedi anuwo muwapemphe kumbali, akavomera afotokoze okha momwe zinayendera. Amene wagwa azithamangira kunena, mudziwitse makolo, kampani ya foni ndi apolisi tsiku lomwelo.

Wofunsa: Zikomo nonse. Bambo a kwa Tengani mwanena zoona, ahediwo nkhaniyi safuna n'kuimva komwe, ndituma apampando a komiti akayambe ndi iwo. Amayi a ku Nsanje, kasewero kaja munakalemba papepala? Ngati kalipo nditumizireni ku inbox tikayese Lolemba likubwerali. Nanga a IT, kope ya malekodiyo ndiike pa Google Drive kapena pa hadi disiki, poti bandulo yake ndimagula ndi ndalama ya m'thumba?