Mayi wometa mpala amene akuyimba nyimbo ya ku Nepal ija ndi ndani?

NaChisale_Aldershot:
Abale, ndithandizeni. Ndimasamalira okalamba kuno ku Aldershot ku England, ndipo ena mwa agogo athu ndi ochokera ku Nepal, a m'mabanja a asilikali a Gurkha, aja a ku Nepal ogwira ntchito m'gulu lankhondo la Britain. Pali agogo ena aakazi amene Chingerezi sachimva, ndipo m'mawa amavuta kudya. Koma ndikawayikira "Phoolko Aankhama" pa foni amafatsa, amatsinzina, n'kumayimbira nawo chapansipansi mpaka phala kutha. Dzulo ndinamuona woyimbayo pa YouTube: wometa mpala, wavala nsalu yofiirira ngati ya amonke. Dzina akuti Ani Choying Drolma. Kodi ndi sisitere kapena woyimba? Ndikufuna ndikakhale ndi chowauza agogowa kudzera mwa mdzukulu wawo.

Bambo_Phiri_Zomba:
Mayi, ndi zonse ziwiri. Liwu loti "Ani" ndi ulemu umene amaitanira masisitere a Chibuda. Anabadwa mu 1971 ku Kathmandu, makolo ake anali othawa kwawo ku Tibet. Iye mwini amanena poyera, ngakhale m'buku la moyo wake, kuti bambo ake ankamumenya iye ndi mayi ake, ndipo ali ndi zaka 13 anapita ku nyumba ya masisitere ya Nagi Gompa, pa phiri la Shivapuri, kuti apulumuke nkhanzazo ndiponso asadzakwatiwe. Kumeneko anakhala pansi pa mphunzitsi wamkulu Tulku Urgyen Rinpoche, ndipo ndi komwe anaphunzira kuyimba mapemphero. Woyimba gitala wa ku America, Steve Tibbetts, atamumva anajambula mawu ake, ndipo mu 1997 anatulutsa limodzi chimbale cha "Chö". Nyimbo mukuinenayo inabwera pambuyo pake, ya m'chinenero cha Chinepali, ndipo ndiyo inamutchukitsa kwawo.

Chifundo88:
Ine pamenepa ndi pomwe mtima wanga sukhazikika. Munthu wasiya za dziko, wameta, kenako ali pa nsanja anthu akulipira pakhomo. Ndinamuona akuyimba ndi A. R. Rahman, katswiri wopeka nyimbo wa ku India, pa pulogalamu ya nyimbo ya pa TV ya Coke Studio ya ku India mu 2013, magetsi ali phuliphuli. Mawu ndi okoma, sindikana, koma pemphero ligulitsidwe?

NaChisale_Aldershot:
Achimwene a Chifundo, funso lanu ndalimva, koma ine zandikhudza ndi za zaka 13 zija. Mwana kuona kuti njira yokhayo yothawira ndodo ndi kumeta tsitsi, eee. Ndalama amapita nazo kuti, a Phiri?

Bambo_Phiri_Zomba:
Apo ndiye pagona nkhani. Iye anaona kuti amonke aamuna amaphunzitsidwa mozama pomwe masisitere amangosiyidwa ndi mapemphero oloweza ndi ntchito za kukhitchini. Ndi ndalama za nyimbo anatsegula Arya Tara School mu 2000, yomwe tsopano ili ku Pharping, kum'mwera kwa Kathmandu. Atsikana kumeneko, ambiri ochokera m'midzi yosauka ya m'mapiri, amaphunzira za chipembedzo chawo pamodzi ndi masamu, sayansi ndi Chingerezi. Mayi ake atamwalira ndi matenda a impso, anayambanso kuthandiza odwala impso kuti apeze makina osefera magazi. Mu 2014 bungwe la UNICEF linamusankha kukhala kazembe wake ku Nepal. A Chifundo, ine ndinaphunzitsa ku pulayimale zaka 26, ndikudziwa mtengo wa choko ndi kope. Ngati tikiti yapakhomo ikugula zimenezo kwa mtsikana amene akanakwatiwa ali wamng'ono, ine sindingamuloze chala.

Chifundo88:
Za sukuluzo sindinkazidziwa. Pa magetsi aja maganizo anga sanasinthe, koma ndikamveranso "Chö" usiku uno.

NaChisale_Aldershot:
Zikomo bambo. Mdzukulu uja akubwera Lachisanu, ndimupempha awafunse agogo ngati anafikako ku Pharping ali atsikana.