Miyendo yochita kupanga yadzadza m'nyumba, tisunge kuti kuno ku Zomba?

Chemwali_waSadzi:
Moni nonse, ndikupempha nzeru. Tili ndi kagulu kathu kuno ku Zomba, tinayamba anthu asanu a ku tchalitchi bambo anga aang'ono atadulidwa mwendo chifukwa cha shuga. Timatolera miyendo yochita kupanga ija imene eni ake asiya kuvala, kaya mwana wakula wamuchepera kaya mwini wake anatisiya, pamodzi ndi ndodo zoyendera. Poyamba zinkakwana pansi pa bedi kwanga. Pano anzathu a kunja ayamba kutitumizira, mwezi watha kwabwera makatoni 11 nthawi imodzi, ena ali pabalaza ena kuchipinda kwa ana moti akugona mothinana. Vuto katunduyu alibe nthawi yake, mwezi wina mbwee kenako miyezi itatu zii. Tapeza shedi ku Chinamwali koma alandilodi akuti tisaine zaka ziwiri komanso lendi ya miyezi itatu pompo, pomwe ife ndalama zathu ndi zosonkherana. Titenge kapena pali njira ina?

Mkulu_waMatawale:
Chemwali, musasaine kaye. Funso langa ndi loti miyendoyo mukusunga yathunthu? Ngati ndi choncho ndiye malo ambiri akudyedwa ndi chinthu chimene sichidzathandiza munthu. Chigoba chakumtunda chija, soketi, amachiumba poyeza chitsa cha mwendo wa munthu mmodzi yekhayo, wina akavala chimamutupitsa mpaka zilonda, ndipo kwa odwala shuga bala lotero ndi nkhani yaikulu. Zogwiritsanso ntchito ndi phazi, bondo, paipi yapakati ija ndi timaadaputa tolumikizira. Kuli bungwe ku Bristol ku England lomwe linkatchedwa Legs4Africa, linayamba ndi kutumiza ku Gambia, iwo amamasula miyendo kaye nkutumiza zipangizo zokhazokha. Inunso pezani ma allen key, timasipanala topindika tija tomasulira mabawuti, mumasule, musankhe mapazi akumanja paokha akumanzere paokha ndipo mulembe saizi. Muona makatoni 11 aja atsika kwambiri, mwina mashelefu awiri basi. Mukatero mpamene mudziwe kuti mukufuna malo aakulu bwanji.

Amayi_aGeni_Mpondabwino:
Zomwe anena akuluwa ndi zoona. Ine mbali ya miyendo sindilowererapo, ndinena za malo chifukwa geni yanga ya nandolo ndi mpunga imayendanso choncho, nthawi yokolola katundu mpaka kudenga, ikafika Januwale shedi mbee koma lendi osaima. Ndinalirapo nazo chaka china nditasaina pepala lalitali. Pano ndimachita kugawana shedi ndi anzanga atatu, aliyense ali ndi mbali yake yotchinga ndi waya ndi loko wake, mlonda timalipira limodzi, ndipo tinagwirizana ndi mwini wake kuti tizilipira mwezi ndi mwezi, katundu akachuluka ndimaonjezera mbali ina kwa mwezi umodzi kapena iwiri kenako ndikubweza. Pa mwezi zimakwererako pang'ono inde koma sulipirira mphepo. Kwa kagulu kongoyamba ngati kanuko ndi zimene zingakuthandizeni, mukule ndi malo pang'onopang'ono. Kungoti mulemberane ndithu, makamaka za notisi, kuti asadzakudzidzimutseni kuti mawa tulukani. Funsaninso ku parishi kapena ma hall a mipingo, zipinda zina zimangokhala zotseka.

Ndipo mukapite kukaona malowo mvula ikugwa mwana wanga, osati dzuwa likuwala. Zomba mukuidziwa chinyontho chake. Muyang'ane denga, muyang'ane ngati madzi ochokera kuphiri salowa pakhomo, ambiri tinaphunzira nthawi ya Freddy mu 2023. Katundu akhale pa mapaleti osati pansi, makatoni chiswe chimadya, bola mabigili apulasitiki otseka.

Achimwene_aKabaza:
Ine ndimavala mwendo woterewu chaka chachinayi tsopano, ngozi ya njinga yamoto pa msewu wa ku Liwonde. Ndiye nkhaniyi yandikhudza. Pempho langa, musamapereke zinthuzi kwa munthu mwachindunji ngakhale alire bwanji. Mwendo umafunika katswiri auyeze, aukhazike mowongoka, ukapendekeka pang'ono msana ndi chiuno zimapweteka koopsa. Lumikizanani ndi a ku Queens ku Blantyre komwe amapanga miyendo, kapena a 500 miles amene anatsegula malo ku Kamuzu Central ndi ku Mzuzu, bungwe lija anayambitsa mayi wa ku Scotland Olivia Giles yemwe naye anaduka manja ndi miyendo. Afunseni zimene akusowa, chifukwa mukhoza kusunga bondo lodula chaka chonse pomwe iwo akufuna mapazi wamba. Katundu akamatuluka msanga shedi yaikulu simuifunanso. Komanso mapazi a labala aja akakhalitsa pamalo otentha amauma nkuyamba kung'aluka, ndiye kontena yachitsulo yokhala padzuwa ine ayi. China, malowo asakhale a masitepe chonde, enafe tikufuna kumabwera kudzathandiza kumasula ndi kutsuka.

Chemwali_waSadzi:
Zikomo kwambiri nonse, za soketi sindinkadziwa ndipo tinatsala pang'ono kupatsa agogo ena a ku Jali mwendo wathunthu, mwatipulumutsa. Loweruka tikumana timasule makatoni onse tione zotsala, shedi ya zaka ziwiri ija taisiya kaye. Amayi a ku Mpondabwino ndakulemberani ku inbox, ngati mbali ina ili yopanda munthu mwezi uno ndibwere ndidzaione. Achimwene, Loweruka lomwelo mungapezeke? Kwathu kulibe masitepe, tiyamba 9 koloko.