Bedi ya bango yatsekeka, madzi akubwerera m'paipi

Pulambala wa ku Chibavi: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Pa hostel ina kuno ku Mzuzu mwiniwake amafuna madzi a m'bafa, ochapira ndi a kukhitchini azithirira dimba. A kuchimbudzi ali paokha ku septic. Ndinaika thanki yodekhetsa, bedi ya kwale yodzala bango yosefera madziwo, paipi mpaka kudimba. Pano bedi yatsekeka polowera, madzi akuyenda pamwamba, akuda bii, fungo la mazira owola. Bwana akungoimba foni. Nditani?

Madala a ku Luwinga: Kumbani soak pit yakuya, dzenje lomwetsa madzi m'nthaka, onsewo alowe pansi. Basi.

Mayi wa zaukhondo: Achimwene, grease trap ilipo, kabokosi kaja kotchinga mafuta a kukhitchini? Mafuta ndi makoko a nsima ndi amene amamata kwale. Mzuzu kuzizira, mafuta sachedwa kugwirana m'paipi. Fungolo ndiye kuti m'bedimo mulibe mpweya. Khitchini ichotseni pa laini imeneyo.

Pulambala wa ku Chibavi: Trap ilipo mayi, koma ophika sachotsamo mafuta.

Mmisiri wa ku Zolozolo: Ndiye ndi chimodzimodzi palibe. Ine pa lesitilanti ina nditatsegula chivindikiro ndinapeza mafuta ataundana ngati sopo, tinachita kuswa ndi fosholo. Mnyamata wanga anafuna kutsikira m'thanki, ndinamukoka malaya. Mpweya wa m'menemo umagwetsa munthu osakuwa n'komwe. Wina asalowemo chonde.

Madala a ku Luwinga: Zonsezi n'zovuta chifukwa mukukana soak pit.

Mayi wa zaukhondo: Madala, ku Chibavi n'kudambo. Nthawi ya mvula mukangokumba pang'ono madzi atuluka kale, dzenjelo limwa chiyani? Komanso anthu ali ndi zitsime zosaya m'makomo. Pamafunika mamita 30 kuchoka pachitsime, ploti yake iti? Kolera ya 2022 ndi 2023 tisaiwale msanga.

Mlimi wa ku Dunduzu: Funso langa, akuthirira chiyani? Ngati ndi letesi kapena kabichi wa saladi, ayi ndithu. M'madzi ochapira mumakhala za matewera ndi zovala zamkati. Apititseni ku nthochi, mapeyala kapena nsenjere, pansi pa tsinde, osati ndi kheni pamasamba. Sopo waufa ali ndi mchere, dothi limauma gwa mukathirira malo amodzi nthawi yaitali. Ndipo musawasunge m'thanki kupitirira tsiku limodzi, amavunda.

Mmisiri wa ku Zolozolo: Kwale wa polowera mufukule, mutsuke, muike miyala ikuluikulu. Musathiremo HTH, klorini uja, mupha tizilombo tomwe timadya zonyansazo.

Madala a ku Luwinga: Ine chiyambire ntchito imeneyi soak pit sinandichititsepo manyazi.

Mlimi wa ku Dunduzu: Kwanu n'kumtunda madala.