Mboni yosatuluka m'nyumba: kodi tiikhulupirire?

Wowerenga wa ku Chilomoni:
Ndikupempha maganizo kwa amene mwawerenga buku la A. J. Finn lotchedwa The Woman in the Window, lomwe linatuluka mu 2018. Mwininkhani, Anna Fox, ndi katswiri wa maganizo a ana yemwe amakhala yekha ku Harlem, mumzinda wa New York, ndipo ali ndi matenda a mantha amene amamulepheretsa kuponda pabwalo. Usiku wina akuona pawindo mayi wa nyumba yoyang'anana nayo atabayidwa, koma apolisi sakumukhulupirira chifukwa amamwa vinyo wambiri pamodzi ndi mankhwala a kuchipatala. Kodi si chinyengo kuti wolemba atimvetse nkhani yonse kudzera mwa munthu amene naye akukayikira zimene maso ake aona?

Mphunzitsi wa ku Zingwangwa:
Si chinyengo ayi, akulu, koma ndi pamene pagona mphamvu ya bukuli. Mufilimu ya Alfred Hitchcock ya mu 1954, Rear Window, mboni ndi wojambula zithunzi wothyoka mwendo yemwe nayenso amangoonera aneba ake pawindo, ndipo ife oonera sitikayikira nzeru zake. Timangodikira kuti umboni upezeke. Kwa Anna chathyoka ndi chikhulupiriro. Apolisi akamubweretsera mayi wina wamoyo n'kunena kuti yemwe akuti waphedwayo ndi ameneyu, wowerenga amakakamizika kubwerera m'mbuyo ndi kuyesanso chilichonse chimene anauzidwa, ngakhale zokambirana zake ndi banja lake.

Mayi wa ku Ndirande:
Ine chimene chinandivuta n'chakuti munthu angathe miyezi yambiri osatuluka popanda aneba kudabwa. Kuno kwathu, tsiku lachiwiri lokha amayi a nyumba yoyandikana afika kale ndi "odi", atanyamula kambale ka phala, ndipo a kumpingo atsatira. Nkhani yotere mu Blantyre ingatheke mwina ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe, kumene anthu amakhala m'mipanda ya njerwa, komano kumeneko windo limangokuonetsani khoma ndi mutu wa mlonda. Wolemba wa kuno angafunike kuika mboni yake pamalo okwera, monga m'mphepete mwa phiri la Soche, kumene makomo a anthu a kumunsi amaonekera.

Namwino wopuma pantchito:
Mayi, mwanena zoona, komabe anthu obwera kudzazonda ndi omwewo amene angafalitse mbiri yoti "mutu wake sukuyenda bwino", ndipo ikatero umboni wake watha. Matenda a Anna, amene madokotala amawatcha agoraphobia, amabweretsa mantha aakulu, kuthamanga kwa mtima ndi kubanika, koma paokha sachititsa munthu kuona zinthu zomwe palibe. Chimene chimasokoneza kukumbukira kwake ndi kuphatikiza mowa ndi mankhwala, chinthu chomwe dokotala wake anamuletsa. Mukamawerenga muzilekanitsa ziwirizi, chifukwa apolisi a m'bukumo anaziphatikiza.