Mwana wachiwiri ali m'njira, wolera ana timuwonjezere zingati?

MayiWaKuArea25: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Mtsikana wolera ana amalandira K100,000 pamwezi, amagonera pomwepo, ndipo amasamala mwana mmodzi wa zaka zitatu. Khanda likabadwa pawonjezedwe zingati? Nanga ziyambe liti, pobadwa kapena mayi akabwerera kuntchito?

WaZaLeba: Mayi, yambani ndi lamulo. Mu 2025 boma linakweza malipiro otsikitsitsa a antchito a pakhomo kuchoka pa K52,000 kufika pa K72,800 pamwezi. Pamenepo ndi poyambira chabe, si mtengo wa munthu wolera ana awiri. Lamulo la zantchito la 2000 silitchula ndalama pa mwana aliyense, limawerenga maola: 48 pa sabata, ndi tsiku limodzi lopuma.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Gawani K100,000 ndi maola 208, ndiwo masiku 26 a maola 8, mupeza kuti ola limodzi ndi pafupifupi K480. Ola lopitirira pa tsiku wamba mumalipira limodzi ndi theka, K720. Akagwira pa tsiku lake lopuma kapena pa holide ya boma ndi kawiri, K960. Khanda likamagona naye n'kumamudzutsa kawiri usiku, maola amenewo ndi ntchito. Kugonera pakhomo panu sikutanthauza kuti ali pa ntchito usana ndi usiku.

AzakhaliAKuZomba: Ine ndinganene kuti khanda liwonjezere pakati pa K25,000 ndi K30,000 pa malipiro amenewo. Musawirikize kawiri, chifukwa phala ndi mphika umodzi, nyumba ndi yomweyo. Koma khanda si mwana wa sukulu amene amachoka 7 koloko n'kubwera masana, amene K10,000 kapena K15,000 ingakwanire. Khanda ndi matewera, kuwiritsa mabotolo, kubereka tsiku lonse, kupita kusikelo, uku wa zaka zitatu akuthamangira ku mbaula.

Za nthawi, musadikire kuti masabata asanu ndi atatu a tchuthi cha uchembere athe. Zochapa zimachuluka tsiku lomwe mwatuluka kuchipatala, alendo odzaona mwana nawonso amafuna tiyi. Perekani theka la chowonjezeracho mwezi wobadwa, chonse mukabwerera kuntchito. Kambiranani mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri, mulembe papepala, aliyense asunge lake.

Ndipo muchotsereni ntchito ina. Wonyamula khanda sangakolopenso nyumba yonse, kusita ndi kuphikira banja. Pezani waganyu wochapa kawiri pa sabata. Munthu wotopa ndi amene amapatsa mwana mkaka womwe wakhala m'botolo kupitirira maola awiri, mawa lake mwana watsekula m'mimba.

BamboWaKuNdirande: Ndiwonjezereko za ana a achibale obwera pa holide. Awiri akakhala mwezi wathunthu, muuzeni wolera anayo asanafike ndipo mupatseni ya padera mwezi umenewo. Zovala za kaunjika ndi sopo ndi mphatso, musaziwerengere ngati malipiro. Ntchito ikakula mwakachetechete malipiro ali pomwepo, mtsikana sadandaula, amangopempha kupita kumaliro kumudzi osabwereranso, inu Lolemba m'mawa n'kusowa womusiyira ana. Muzilipira pa Mpamba kapena Airtel Money tsiku lomwelomwelo mwezi uliwonse, kuti nkhani ikadzafika ku ofesi ya leba umboni udzakhale pafoni.