Zija za database ya Chingerezi ndi Chifalansa zatheka

Sabata yatha ndinafunsa kuti ndipange bwanji kuti pulogalamu yathu yolembera alendo pa loji kuno ku Mangochi iziwoneka m'Chingerezi komanso m'Chifalansa, poti alendo a ku France ndi Belgium odutsa popita ku Cape Maclear amavutika nayo fomu. Ndabweranso abale, zayenda.

Ine ndimafuna kuwonjezera kolamu ya Chifalansa pa tebulo lililonse la mu database (momwe pulogalamuyi imasungira zinthu zake), amene munandiletsa aja munachita bwino zedi. Ndapanga tebulo limodzi la mawu basi, muli nambala ya liwu, chilankhulo en kapena fr, kenako liwulo, ndiye mabatani onse akungotenga mmenemo. Chomwe chinandisowetsa tulo ndi zilembo ngati é ndi ç, dzina loti Hélène limatuluka HÃ©lÃ¨ne pa lisiti, manyazi ake pamaso pa mlendo, mpaka ndinasintha MySQL (pulogalamu ya database yathuyo) kuti izigwiritsa ntchito utf8mb4 (kasungidwe ka zilembo kolola zilembo zoterezi), ndi connection yolumikiza pulogalamu ku database yomwe, osati matebulo okha ayi. Ndalama nazonso, Afalansa amalemba 12,50 pomwe ife timalemba 12.50, ndiye mkatimo ndikusunga nambala yeniyeni, kusinthako kukuchitika pa sikirini pokha.

Chatsala ndi mabatani, mawu a Chifalansa ngaatali, Enregistrer sakukwana pomwe panali Save. Ndiwakuza mawa magetsi akayaka.