Thovu lasintha chiyambireni madzi obwezeredwa, thandizeni

Membala wobisa dzina: Abale anga a m'migodi ndithandizeni. Ndimagwira pa flotation (poyandamitsa kopa ndi thovu kuti asiyane ndi miyala yogayidwa) pa pulanti ina ya kopa kuno ku Copperbelt, shifiti ya usiku. Kuyambira September mabwana anachepetsa madzi atsopano akuti tizigwiritsa obwezeredwa, ndiye thovu langolimba ngati la sopo, silikuphulika, likusefukira m'ma launder (ngalande zolandira thovu) mpaka pansi, grade ya concentrate (kuchuluka kwa kopa mu zomwe timatulutsa) yatsika. Foromani akuti ndimagona pa ntchito, munthu yemweyo sanasayine ovataimu yanga ya miyezi iwiri, landilodi naye sakundipatsa mpata, mayi akunyumba ku Chipata akuganiza kuti ndalama ndikudyera kwina. Nditani?

Bambo a Chisomo: Madziwo akuchokera ku thickener (thanki yolekanitsa madzi ndi matope) kapena ku damu la tailings (matope otsala kopa akachotsedwa)? Nanga pH (muyezo wa asidi m'madzi) ili pa zingati?

Mdala wa ku Chingola: ANA A MASIKU ANO MUMANGODINA MABATANI. Madzi obwererawo amabwera ndi frother (mankhwala opanga thovu) ndi xanthate (womata kopa ku thovu) wotsala, inu mukuthirabe muyezo wakale, ndiye mukudabwa chani? CHEPETSANI FROTHER BASI.

Mayi a Tadala: Tumizani kaye kangachepe kunyumba achimwene. Anga anayamba chonchi, akuti ovataimu, kumapeto ndinamva kuti ali ndi mwana ku Mufulira.

Mtsikana wa ku labu: Adala, si frother yekha. Nyengo yotentha ino madzi amauma m'damu, calcium wa laimu ndi sulphate amachuluka, ndi zomwe zimapanga gypsum, zoyera zomata m'mapaipi zija. Komanso kopa wosungunuka m'madzi amamatirira pa pyrite (mwala wa chitsulo wosafunika) nayenso n'kuyamba kuyandama, grade imatsikira pamenepo. Tengani sampo ya madzi mubweretse ku labu.

Mdala wa ku Chingola: ZA M'BUKU IZO MWANANGA. Ine thovu ndimaliona ndi maso, likachita mdima ndadziwa kale, ndinayamba ntchito musanabadwe.

Mtsikana wa ku labu: Maso amayeza calcium adala?

Wa ku Kitwe: Bwezani madziwo ndithu, osatitayira mu Kafue. February 2025 damu la tailings litaphulika ku Chambishi mipopi inatsekedwa kuno, nsomba zikuyandama mimba m'mwamba, mwaiwala kale?

Jay Mbuzi: Thovu lolimba bweretsani kuno tithire mu Chibuku 😂

Mdala wa ku Chingola: NDATI FROTHER.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Foromani uja lero wandilembera warning, ovataimu sanaitchule n'komwe.

Bambo a Chisomo: pH achimwene, ndafunsa m'mawa uja. Ili pa zingati?